Piritsi Limodzi la Bambo

2 Malichi

Amake mapasa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, mapasa athu ndi bambo. Ine kuno ndili moyo, kungoti msana wayamba kudandaula chifukwa choima tsiku lonse ndi simbi m'manja. Ndikulemba kalata ngati munthu wamakedzana popeza foni yanu ija bambo anaichapa mu ndowa limodzi ndi masokosi awo. Ya Ometa wa pageti ilipo, koma za m'nyumba sindingalankhulire pamenepo, munthu uja manja amameta koma makutu amakhala ali kwina. Makalata anga azibwera ndi dalaivala wa basi ya Lachisanu, nanunso mayankho muzimupatsira yemweyo.

Mwachita bwino kupita nawo bambo kuchipatala. Mtima wanga wakhala pansi kumva kuti adokotala ati ndi matenda oiwalaiwala amene amagwira okalamba ena, osati zija ankanong'onezana anthu zoti alodzedwa. Mwati awapatsa botolo la mapiritsi a miyezi iwiri, kumwa limodzi patsiku. Apa ndiye muwerenge mutakhala pansi.

Bambo anaiwala kale kuti amayi anatisiya. Anaiwalanso kuti ntchito ya ukondakitala anapuma kalekale, n'chifukwa chake aliyense wolowa pakhomo amamutambasulira dzanja kufuna tikiti. Zimenezo ndikawauza anzanga kuno timaseka mpaka misozi. Koma pali chimodzi chimene sindiseka nacho. Sindikufuna kudzafika kumapeto kwa chaka, katundu ali kumanja, bambo n'kundiyang'ana n'kufunsa kuti ndine mwana wa yani. Ndiye piritsi limenelo lisadumphe ngakhale tsiku limodzi, lindisungire malo m'mutu mwawo mpaka ndidzabwere.

Muziwapatsa inuyo, ndi dzanja lanu, madzulo akamakagona. Ndimadalira inu nokha. Achemwali anga musavutike n'kuwauza, ndikudziwa kuti chikanganirane za kabati ya malemu amayi simupatsana ngakhale moni, chonsecho zitseko zanu n'zoyang'anizana. Botolo lizikhala pamwamba pa kabati yomweyo m'chipinda cha bambo, pamene iwo safikira.

Kuntchito zikuyenda. Andichotsa ku makina ochapira, tsopano ndili kosita, kuchipinda chakumbuyo kopanda windo. Nthunzi yake munthu umatulukamo ngati dzira lowiritsa. Ndimasita masuti a anthu amene sindidzawaona, ndipo m'matumba mwawo simupezeka kanthu koma zotokosera m'mano. Abwana ndi mayi wamfupi amene amanunkhiza kolala iliyonse asanaipachike. Ndatumiza kangachepe ndi sopo wa bambo. Mapasa muwagulire nsapato zokulirapo kuti zifike chaka chamawa.

Ndine amuna anu,
Bambo a mapasa


2 Malichi

Achemwali,

Landirani moni wa mlongo wanu. Ndili bwino, kaya inu ndi miyendo ija.

Ndilemba mwachidule chifukwa dalaivala waliza kale injini. Mwamva kuti bambo awapatsa mapiritsi kuchipatala, limodzi patsiku. Alamu anu ndi munthu wabwino, koma mapasa aja amawazunguza mutu, tsiku lina anapita kumsika atavala nsapato zosiyana. Munthu wotere angakumbukire piritsi? Inu ndinu oyamba kubadwa, bambo munawadziwa ine ndisanaganiziridwe n'komwe. Ntchito imeneyi ndaiika m'manja mwanu. Botolo lili pamwamba pa kabati ija, pepani potchula kabati, muzitengamo limodzi m'mawa mukamawapatsa tiyi. Ndimadalira inu nokha. Alamu anu musawauze, angaone ngati ndawanyoza.

Nsalu ili mu jumbo yakudayo ndi yanu.

Mlongo wanu


18 Malichi

Amake mapasa,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndathokoza kuti inu ndi ana muli bwino. Inenso ndili bwino. Zilembo zikaoneka ngati papepala payenda nkhuku musadabwe, ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Lamanja likupuma kaye, linakumana ndi simbi pang'ono, si nkhani yoti mutaye nayo tulo.

Za bambo zandidetsa nkhawa. Mwati akutsegula m'mimba, akumva mseru, chakudya akungochiyang'ana, ndipo kutulo akumaitanira anthu basi mpaka agalu a kwa aneba kuyankha. Ine ndaganiza mofatsa ndikupinda mashiti, ndipo gwero lake ndalipeza. Ndi mafuta a achemwali. Mayi aja mafuta okazingira sataya, amabwereza mpaka ade ngati oilo wa galimoto. Ine ndinakulira mafuta amenewo, m'mimba mwanga mumawadziwa bwino. Bambo azidya za kwanu zokha, koma muchite mwanzeru, musayambitse nkhondo ina.

Mwanenanso kuti adokotala anati m'mimba mukavuta kapena akayamba chizungulire mubwerere nawo msanga, osadikira tsiku limene anakupatsani. Amake mapasa, madokotala amanena zimenezo kwa aliyense, ngati mmene ife timauzira kasitomala aliyense kuti banga lichoka. Mukapita mukangokhala pamzere tsiku lonse, ndiye akakawaona chonchi akhoza kuwaletsa mapiritsiwo, ife n'kubwerera pomwe tinayambira. Kapiritsi kamodzi, kochepa ngati njere ya mpunga, sikangagwetse munthu amene ankakweza matumba pamwamba pa basi popanda womuthandiza. Pitirizani kuwapatsa, ndipo muziwamwetsa madzi ambiri.

Chimene chandisangalatsa n'choti mwati akumalandira piritsilo mosavuta, kutambasula dzanja, kumeza, n'kuthokoza. Okalamba ena amalavula. Wamtali, mnzanga amene timagona chipinda chimodzi, akuti agogo ake ankabisa mapiritsi m'masaya n'kukapatsa nkhuku. Bambo anga ndi munthu waulemu, chimene apatsidwa m'manja sabweza.

Kuno sabata yatha kunabwera alendo ena ovala yunifolomu kudzaona mapepala a antchito. Ine ndi Wamtali tinapezeka kuti tili ndi ntchito yambiri m'chipinda chosungira mabulangete, ndipo tinaigwira mwakachetechete mpaka alendowo atapita. Mabulangete a anthu olemera ndi ofewa, ndikuuzeni. Kodi bambo mukawaonetsa chithunzi changa chija akumati chiyani? Mundiyankhe zimenezi, ulendo watha munazidumpha.

Amuna anu


27 Malichi

Amake mapasa,

Moni nonse. Dzanja layamba kugwira, thupi lili bwino, koma mutu ndi umene mwauzunguza ndi kalata yanu. Botolo la miyezi iwiri lingatsale ndi a pansi okha mwezi woyamba usanathe?

Ndinayamba ndaganiza za mapasa, koma mwati pakabati safikira ngakhale atakwerana pamapewa, ndipo ali bwinobwino. Makoswe satsegula botolo n'kulitsekanso. Wamtali akuti mwina wina akugulitsa. Sinditchula munthu, koma mukaona wina wa khomo loyang'anizana nanu wagula nsapato zatsopano mundiuze.

Wa sitolo ya mankhwala uja wandikwiyitsa. Inu mwapita ndi ndalama m'manja kuti mukawonjezere, iye n'kukana kuti popanda kapepala ka adokotala sagulitsa. Ndiye akuti mapiritsi sauluka, ngati m'botolo mulibe ndiye kuti ali m'mimba mwa munthu, thamangani nawo akuluwo kuchipatala lero lomwe. Kodi iyeyo ndi wogulitsa kapena wapolisi? Mukamadutsa pamenepo musamupatse moni, ndipo mafuta odzola a ana muzikagula kwina.

Mwati bambo awonda, malaya akungolendewera, ndipo dzana poimirira anadzandira n'kugwira chitseko. Izi sizikundisangalatsa. Dikirani kaye ndifunse kwa mayi wina amene amabwera kudzachapitsa mayunifolomu a unamwino, amafika Lolemba.

Ndinali nditamata kale envelopu, ndaitsegulanso. Pali kanthu kandifikira m'mutu ndikupachika jekete la munthu, mpaka ndalipachika mozondoka. Kodi mukamawapatsa piritsi madzulo, bambo sanena chilichonse? Sananenepo ngakhale kamodzi kuti amwa kale? Ndangofunsa chabe, palibe chifukwa. Komabe za namwino zija zisiyeni, pitani nawoni kuchipatala mawa lomwe, ndipo botolo mulichotse pakabati muliike m'chikwama chanu.

Amuna anu


6 Epulo

Amake mapasa,

Sindikudziwa ngati moni wanga mulandira, koma ndapereka. Ine thupi lili bwino, manyazi ndiwo andigwira osati masewera. Kalata yanu inali yaifupi ngati risiti, koma zotsalazo wandiuza Ometa pafoni, ndipo sanasiyeko kanthu, ngakhale mtundu wa makatani a m'chipatala.

Choyamba ndikuthokoza Mulungu, kenako inu, chifukwa simunadikire kalata yanga. Akuti munali mutavala kale kuti mupite nawo pamene bambo anakomoka pa mpando wometera, thovu lili kumasaya, ndipo munawanyamula atatu, inu, achemwali ndi Ometa, kukakwera galimoto ya aneba. Akuti mtima wawo unkagunda mwaulesi moti namwino anachita kuyezanso. Tsiku limenelo ine ndinali kuno ndikusita thalauza la munthu, osadziwa kanthu. Bambo akanapita, ndipo wowapha ndikanakhala ine.

Za m'chipinda cha adokotala ndazimva. Akuti anagwedeza botolo n'kufunsa kuti, "Kodi amene amawamwetsa mankhwala akuluwa ndani?"

Ndiye nonse atatu, nthawi imodzi: "Ine."

Ometa akuti nthawi yomweyo bambo ali pabedi anatsegula maso n'kutambasulira adokotala dzanja. Inu madzulo, achemwali m'mawa, Ometa masana bambo akabwera kudzakhala pabenchi pake, piritsi atakalitenga pakabati inu muli kumsika. Aliyense n'kunena kuti anauzidwa kuti amadaliridwa iye yekha.

Tsono mundimve, musang'ambe kaye pepalali. Achemwali ndinawalemberadi. Ometa ndinangomuimbira kamodzi, monga mwamuna ndi mwamuna mnzake, poopa kuti akazi awiri osayankhulana akhoza kusiyirana. Sindinafune kuti amwe atatu. Ndinkati woyamba akawapatsa, wachiwiri akabwera bambo anena okha kuti ndamwa kale, wachiwiriyo n'kubwerera. Nzeru imeneyi ndinaiona yabwino kwambiri moti ndinamufotokozera Wamtali, iye n'kundigwira chanza. Awiri tonse, amuna akuluakulu a ndevu zathu, palibe amene anakumbukira kuti matenda tikulimbana nawowo ndi oiwala.

Mawu a adokotala Ometa wandibwerezabwerezera mokondwa. Akuti mankhwala amenewa ukachulukitsa sawonjezera kukumbukira, amangotsegula m'mimba ndi kufooketsa mtima, ndipo womwetsa azikhala mmodzi, wodziwika ndi nyumba yonse. Akutinso anafunsa ngati mwana wawo wakutaliyo ndi dokotala. Achemwali akuti anayankha kuti ayi, ndi wosita. Sanalakwe, koma akanatha kunena motsitsa mawu.

Mundiuze tsiku limene awatulutse, ndi zimene akusowa. Ndatumiza zonse zimene ndinali nazo m'thumba.

Ndine amuna anube,
Bambo a mapasa


20 Epulo

Amake mapasa,

Moni kwa inu, kwa ana, kwa bambo, ndi kwa achemwali ngati muli nawo pafupi, popeza ndamva kuti masiku ano simusiyana. Ine ndili bwino. Lachisanu lapitali ndinakadikira basi, dalaivala anangondionetsa manja opanda kanthu, ngati mmene anachitira Lachisanu linalo.

Nkhani ndikuzitola kwa iyeyo. Akuti bambo anatuluka, akudya, ndipo anamufunsa tikiti pakhonde, iye dalaivala weniweni. Akuti inu ndi achemwali mukuphikira mbaula imodzi, ndipo akamayandikira amamva mukutchula ine, kenako kuseka. Kabati ija akuti mwagawana, mashelefu a m'mwamba anu, a m'munsi awo. Ine zaka zonsezi ndakhala ndikukupemphani kuti mugwirizane, ndinatumizapo nsalu zofanana, ndinatumapo abusa, osatheka. Sindikunena kuti mundithokoze, ndikungoti muone kuti pa zoipa zonsezi pali kena kamene ndakonza.

Dalaivala akutinso adokotala anawapumitsa kaye mankhwala, kenako anawayambitsanso limodzi patsiku, ndipo mwagula kabokosi ka tizipinda ta masiku a sabata, kamene mumakatsekera m'sutikesi, kiyi ali m'khosi mwanu. Achemwali amangoima pambali ngati mboni, Ometa analetsedwa kugwira chilichonse chosakhala tsitsi. Ndinali ndi malangizo ena pa nkhani ya kabokosiko, ndinawalemba kumene, koma Wamtali wandilanda pepalalo n'kupukutira simbi. Chitani monga anenera adokotala, ndipo tsiku lobwerera kuchipatala musaliphonye. Onani, ndi ine amene ndikunena zimenezi.

Kuntchito zochita zachepa. Abwana akuti alendo aja abweranso, ndipo masiku ano akumandiyang'ana nthawi yaitali akamanunkhiza makolala. Tidzakamba.

Pali chimene Ometa anandibisira poyamba, wandiuza dzulo. Akuti inu munafunsa adokotala ngati piritsi lingachititse kuti bambo asaiwale mwana wawo, iwo n'kuyankha kuti limangothandiza kwa kanthawi, kwa ena silichita n'komwe, koma kuletsa ayi. Ndathokoza kuti munandifunsira, ngakhale munali mutandikwiyira. Ndikupempha chinthu chimodzi. Lamulungu masana mubwereke foni ya Ometa muwaikire bambo kukhutu. Inu ngati simukufuna kundilankhula musalankhule, mungogwira foniyo.

Amuna anu


1 Meyi

Amake mapasa,

Moni. Ndili bwino, ndipo ndasangalala kuti mawu anu ndinawamva, ngakhale munangoti, "Nawa, lankhulani." Achemwali ndinawamvanso chapatali akukuuzani kuti musandipatse nthawi yambiri, foni ndi ya eni.

Inu munamva mbali ya bambo yokha, ndiye ndikuuzeni yanga. Ndinakonzekera sabata yonse. Ndinakaima m'chipinda cha mabulangete mmene mulibe phokoso, nditavala shati yosita ngati akundiona. Ndinati, "Bambo, ndi ine, mwana wanu." Mawu awo anamveka amphamvu, a munthu amene wadya, ndipo ndinasangalala. Anandipatsa moni waulemu ngati kwa mlendo, kundifunsa ngati kunyumba kwanga kuli bwino. Ndinabwerezanso kuti ndi ine, ndinatchula dzina langa, ndi lija la paubwana limene ankandiitanira amayi.

"Mwamuphonya, bambo," anatero. "Mnyamata ameneyo kulibe, anapita kuntchito. Koma akaweruka ndimuuza kuti munaimba."

Ndinathokoza, nanga ndikanatani. Anandiuzanso kuti mwana wawoyo ndi wolimbikira ntchito kungoti amakonda kulamula, ndipo apa ndi pamene ndinamva inu ndi achemwali mukufa ndi phwete. Nanenso ndinaseka. Foni itaduka ndinakhala pa mulu wa mabulangete n'kulira, amake mapasa, kulira kwenikweni, moti bulangete limodzi ndachita kulichapanso.

Wamtali akuti ndisadandaule, munthu amene akudikira mwana wake kuti aweruke ndiye kuti sanamuiwale, foni ndi imene imasintha mawu. Mwina akunena zoona, mwina ayi, mukudziwa kale mmene nzeru za ine ndi Wamtali zimathera. Koma kumapeto kwa chaka n'kutali, ndipo ndikuopa kuti pofika nthawi imeneyo adzakhala atasiya ngakhale kudikirako.

Abwana ndawauza kuti ndikusiya ntchito. Sanandikakamize kukhala, anachita ngati ndawatula katundu, mpaka andipatsa jekete limene mwini wake sanabwere kudzatenga chaka chatha. Ndalama zofolerera nyumba yathu, zimene ndinadzera kuno, sizinakwane, ndipo ndikudziwa kuti pamenepa muli ndi mawu, mudzandiuze ndili pafupi. Kalatayi ikubwera ndi basi ya Lachisanu ili, ine ndikwera ya Lachisanu linalo. Botolo, kabokosi ndi kiyi sindidzakhudza, ndidzalumbira pamaso pa achemwali. Yanga idzakhala kuwasambitsa ndi kuwasitira malaya.

Mukadzandiona ndikulowa pageti musadzanene zambiri, mudzangowauza kuti mnyamata uja waweruka. Akandidziwa, chabwino. Akapanda kundidziwa, mudzandiikire mpando pambali pawo, tizidzamudikira limodzi.

Ndine amuna anu,
Bambo a mapasa